Chitseko Changa Chili pa Khoma la Bala

A Lameki Chagunda, manijala wa loji yomwe ndinkagwirako ntchito ku Chembe, anandivula pagulu ndipo mpaka lero sanandibwezere nsalu. Ndayamba ndi dzina lawo dala. Jafali, lemba monga ndanenera, usachotse, usakometse. Anazula chitseko cha kanyumba ka pampu, chomwe ndinkajambulapo ntchito zanga za tsiku, n'kuchipaka vanishi, n'kuchikhomera pa khoma la bala kuti aliyense wobwera kudzamwa mowa adziwe kuti Twaibu sadziwa kuwerenga. Pano ndikulankhula chili pomwepo. Ndipo mlongo wako Asiyatu, amene amaperekera alendo chakudya pansi pa chitseko chimenecho, akamufunsa kuti mwini wake ndani amayankha kuti samudziwa. Mwana wobala ine. Sindikumuimba mlandu, mlandu ndi wa a Chagunda. Koma kuti inu ana anga mumvetse, ndiyambire komwe zizindikiro zija zinachokera.

Za ubwana palibe chonena. Sukulu ndinalekeza ndisanathe kulumikiza zilembo. Zomwe ndinatulukamo nazo ndi ziwiri: kuchonga ndi kuthetha. Aphunzitsi akachonga ndiye kuti zili bwino, akathetha ndiye kuti konzekera ndodo. Ku madrasa ndinkagwira ndi khutu. Basi.

Chaka chomwe ndinayamba ntchito, ku Lungwena

Bwana wanga woyamba anali Che Mdoka, mwini maboti ndi chilimira chogwirira usipa. Ine pamadzi ndinkachita chizungulire, ndiye anandisiya kumtunda kuti ndizitumidwa. Che Mdoka sankatuma chinthu chimodzi. Ankayamba akutsuka m'kamwa, mswachi uli pakamwa pomwepo: “Twaibu, parafini. Ulusi wosokera ukonde. Ukauze mmisiri za bwato likudontha lija. Mchere. Udutse kwa amayi aja achotse usipa wawo pathandala. Ndi fodya wanga.” Ine kumangoti eya, eya, koma pofika pamsewu theka lagwa m'njira. Tsiku lina chomwe chinagwa chinali parafini. Usipa saugwira popanda nyali, ndiye alovi onse, anyamata okoka ukonde aja, anangokhala pamchenga n'kumayang'ana anzawo akupalasa. Che Mdoka anandimenya khofi pamaso pawo. “Mutu wakowu ndi dengu? Ndikuthira madzi m'dengu ine?” Alovi anaseka mpaka wina kugona chagada.

M'mawa mwake ndinatola khala pamoto. Akutchula zinthu, ine ndinkajambula mkati mwa mkono: kanyali, kansomba, kabwato. Dzuwa litakwera thukuta linafufuta zonse, mkono unangokhala bii ngati ndagwera m'phulusa. Ndinasamukira pa nkhafi yothyoka. Imeneyo inagwira ntchito, kungoti kumsika anthu ankandifunsa kuti, “Achimwene, bwato mwalisiya kuti?” Kenako ndinapeza kathabwa kolowa m'thumba la kabudula. Che Mdoka sanadziwe kuti dengu lija ndalimata ndi chiyani. Anangoti, “Khofi lija linakutsegula mutu.” Ndinawasiya aganize choncho.

Chaka chomwe ndinakwatira, ku Chowe

Amayi anu ndinawapeza ku Chowe, ndipo ndinakakhala kwawo monga mwa mwambo. Kumeneko ndinalowa ntchito pa chigayo cha mayi wina wamasiye, tinkangowatchula kuti Hajati. Injini ya dizilo ndinaiphunzirira pamenepo, ndi khutu ndi manja, mpaka ndinkaimva ikayamba kudwala isanatsokomole. Koma ntchito za pachigayo si za tsiku limodzi ngati kugula mchere. Zina umayamba osamaliza, zina zimadikira munthu wina. Kujambula chinthu chokha sikunkakwanira. Ndiye kuseri kwa matumba, pa khoma, ndinawonjezera zina. Ntchito iliyonse inali ndi chithunzi chake: lamba, sefa, botolo la oyilo. Ikatha ndinkaichonga ngati aphunzitsi. Ikafa, yosafunikanso, ndinkaithetha. Ikakanika lero ndinkaiika muvi woloza kutsogolo, kutanthauza mawa. Yoopsa, yoti ndikaisiya china chipsa, ndinkaiika munga pamwamba, ndipo yaminga ndinkayamba nayo ndisanamwe tiyi. Ndipo ntchito yomwe ine ndachita mbali yanga koma ikudikira munthu wina, ndinkaizunguliza. Chozunguliza ndi chimene chinkandipatsa tulo, chifukwa chinkandiuza kuti apa wolakwa si iwe.

Nthawi ina dizilo anasowa dziko lonse. Khoma lonse linadzaza zozunguliza. Azimayi ankabwera ndi chimanga pamutu kuchokera kutali n'kubwerera nacho, ena kutukwana ine ngati dizilo ndimamukama ndekha. Hajati anasuntha matumba tsiku lina n'kuona khomalo. Anabwerera m'mbuyo.

“Che Twaibu, awa ndi mankhwala?”

“Iyayi Hajati, ndi za injini.”

“Injini imawerenga zimenezi?”

“Ndimawerenga ndine.”

Anandiyang'ana, anayang'ana khoma, n'kubwezera matumba pamalo pake ndi manja awo. Sanafunsenso mpaka ndinachoka. Mayi ameneyo sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa kuti munthu ukamupeza akusamba umayang'ana kumbali. Mulungu awachitire chifundo komwe agonako.

Ku Chowe komweko ndi komwe ndinagula bolopeni yoyamba, iwe Jafali utayamba sukulu. Ndinkaikoleka m'thumba la malaya. Ukabwera ndi kope ndinkalitsegula ndi nkhope yolusa n'kumayang'ana zochonga ndi zothetha basi. Ikabwera kalata ya aphunzitsi ndinkati, “Tawerenga mokweza ndimve ngati ukudziwa.” Ukukumbukira. Usaseke, lemba. Amayi anu ankadziwa, koma sanandiyalutse ngakhale tsiku limodzi, ngakhale titakangana. Sindinkafuna kuti mwana wanga aziti sukulu n'chiyani, ababa sanapite koma tikudya. Ndinkafuna muziopa bolopeni ija.

Zaka za ku Chembe, a Chagunda asanabwere

Chigayo chitagulitsidwa, msuweni wa amayi anu anandiuza kuti pa loji ina ku Chembe akufuna munthu wodziwa injini. Mwini wake anali dona wa kunja, wobwera miyezi ya chisanu n'kubwerera kwawo. Sanandifunse mapepala. Anandilozera jenereta yomwe inali itafa, ndinaidzutsa, anati uyambe mawa. Ntchito yanga inali madzi, magetsi, mapaipi, zimbudzi, chilichonse chodontha kapena chozima. Ndinasamutsa banja lonse.

Kanyumba ka pampu kanali kumapeto kwa mpanda, pafupi ndi madzi, ndipo kiyi wake ndinkasunga ndine. Munalibe zenera. Chitseko chake chinali cha matabwa olemera, ndipo mkati mwake ndi momwe munakhala ofesi yanga. Ndikaswali pemphero la m'mawa, ndinkazungulira loji yonse, kufunsa akukhitchini, kufunsa otsuka m'zipinda, kenako kulowa m'kanyumba, kutseka, n'kujambula ndi choko. Paipi inali njoka. Jenereta inali mphezi. Thanki linali mtsuko. Chimbudzi chotsekeka chinali kabokosi kokhala ndi timadontho tiwiri pamwamba, timeneto ndi ntchentche. Zipinda za alendo zinali ndi mayina a nsomba, ndiye zinali zosavuta, chambo ndi chambo, kampango ndi ndevu zake. Ndikamaliza ntchito ndinkabwerera kudzachonga. Madzulo ndinkaika mivi, m'mawa kufufuta zochongedwa n'kuyambiranso. Choko chinalowa m'matabwamo moti ngakhale ufufute, mizukwa ya ntchito zakale inkaonekabe pansi pa zatsopano.

Musaganize kuti ndikudzitama. Zizindikiro zija sizinali nzeru zakuya. Nthawi ina ndinakankhira mtsuko mawa, mawa, ndi mivi yokhayokha mpaka thanki linang'ambika n'kukhuthulira madzi pa zovala za alendo zomwe zinali pachingwe. Nthawi ina ndinajambula kampango wofanana ndi mlamba n'kukamasula shawa yabwinobwino. Inali ndodo ya munthu wotsimphina, basi. Inkandifikitsa. Anzanga pantchito ankanditchula kuti a Injiniya. Ankaona bolopeni m'thumba, ankaona ndikulowa m'kanyumba n'kutseka, ankati a Injiniya akukalemba lipoti. Ku mzikiti anthu ankandipatsa malo. Asiyatu atamaliza sukulu, ndinamupemphera ntchito yoperekera zakudya pa loji pomwepo, ndipo tsiku loyamba anauza anzake kuti, “Ababa anga ndi aja a mapaipi aja.” Ndinamumva ndekha ndili pa makwerero. Ananena mokweza.

Chaka chomwe a Chagunda anabwera

Dona uja atakalamba analemba manijala, a Chagunda, munthu wa kumtunda, wamng'ono kwa ine, wa nsapato zosongoka zomwe zinkadzaza mchenga. Sanali munthu wolusa, ndinene zoona. Koma anabwera ndi lamulo lakuti ntchito zonse azizilemba pa foni, pa gulu la antchito, aliyense awerenge zake n'kuyankha. Palibenso zouzana pakamwa. Foni ndinali nayo, Jafali unandigulira ndiwe, koma ndinkangoimbira ndi kuyankha. Masiku oyamba ndinkauza wakukhitchini kuti magalasi ndaiwala, tandiwerengere. Magalasi omwe ndinalibe. Kenako wakukhitchini anapita kumaliro kwawo, uthenga unabwera, ine ndinangouyang'ana. Unali wa paipi ya m'chipinda cha chambo. Alendo anagona m'madzi, m'mawa ananyamuka akukalipa. A Chagunda anandiitana ku ofesi.

“Madala, uthenga munauona. Foni ikusonyeza kuti munautsegula. Ndi mwano kapena chiyani?”

Ndinati pepani bwana, sizichitikanso. Anati zikachitikanso tisiyana.

Kunyumba ndinakhala pakhonde osadya. Amayi anu anati, “Bambo a Jafali, njira ndi ziwiri. Musiye ntchito muchoke ndi dzina lanu, kapena muwauze bwanawo zoona.” Ndinati ndisiya. Anati, “Nanga mwana wathu wamng'onoyu sukulu amaliza ndi dzina lanu?” Ndinawakalipira, koma ankanena zoona. Ndinayenda nazo masiku angapo zikundilemera. Khofi la Che Mdoka linali lopepuka. Tsiku la Ijuma, Lachisanu, nditachoka ku swala ku mzikiti, ndinapita ku ofesi n'kunena kuti bwana tiyeni mukaone pampu. Titalowa m'kanyumba ndinayatsa getsi n'kutseka chitseko. Iwo ankayang'ana pampu. Ndinati ayi bwana, tembenukani.

Anayang'ana nthawi yaitali. “Ichi n'chiyani?”

“Ndi ntchito za lero. Ine sindidziwa kuwerenga, bwana. Zaka zonsezi ndayendera chimenechi.”

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa mwamuna mnzanga chibadwire. Anayamba kufunsa, njoka n'chiyani, munga n'chiyani, bwanji ichi mwachizunguliza. Ndinawauza zonse, ngakhale za ntchentche. Anaseka, koma kuseka kwabwino, ine ndinasekanso. Kenako ndinawagwira dzanja.

“Bwana, ichi ndi cha inu ndi ine ndi Mulungu. Mwana wanga amagwira ntchito pano. Ana anga sadziwa.”

“Che Twaibu, musadandaule. Sizituluka m'kanyumba muno.”

Anatero. Wallahi anatero, dzanja lawo lili m'dzanja langa. Kuyambira pamenepo ntchito zanga ankanditumizira ndi mawu pa foni, ine kumvera n'kukajambula. Tinagwirizana bwino. Ndinkawapititsira chambo kunyumba kwawo, nthawi zina ankadzatenga okha kwathu. Mkazi wawo atadwala ndine ndinawapezera galimoto. Ndinkauza amayi anu kuti munthu uyu Mulungu wandipatsa.

Chaka chomwe ndinapuma

Msana unayamba kukana. Loji inagula pampu ya sola yosafuna munthu woimvera, ndipo kanyumba kaja anati akagwetsa. Sindinakangane nawo, ndinali nditatopa. A Chagunda anati tikuchitirani phwando lotsanzikana, mubwere ndi banja lonse. Ndinavala mkanjo woyera ndi kofia, bolopeni m'thumba. Amayi anu anabwera, inu nonse, apongozi ake a Jafali, ndi akuluakulu awiri a ku mzikiti omwe ndinawaitana ndekha ndi pakamwa pangapa. Panali antchito onse ndi alendo achizungu omwe anali pa loji. Anaphika mpunga ndi mbuzi yochinja bwino mwa Chisilamu. Masana dzuwa lili phwee.

Titadya, a Chagunda anaimirira. Pa khoma la bala, lomwe limayang'ana kodyera, panali chinthu chachikulu chophimbidwa ndi chitenje. Ndinkaganiza kuti ndi chithunzi cha antchito. Analankhula Chizungu kaye, kenako Chichewa. Anati munthu uyu wasamala loji ino zaka zambiri, madzi osasowa, magetsi osazima. Anthu anaomba m'manja. Anati koma pali chinthu chomwe simukuchidziwa. N'kukoka chitenje.

Chitseko changa. Chonyezimira ndi vanishi ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Ntchito za tsiku langa lomaliza zili pomwepo, njoka, mphezi, kabokosi ka ntchentche. Pansi pake anakhomapo kathabwa ka zilembo zachizungu, ndipo dzina langa ndinalizindikira, chifukwa dzina langa lokha ndimalidziwa maonekedwe ake.

“Bambo awa sadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi,” anatero a Chagunda, akumwetulira, dzanja lili paphewa panga. “Koma taonani zomwe anapanga.”

Anatenga ndodo n'kuyamba kuloza ngati mphunzitsi. Atafika pa ntchentche anthu anagwa nako kuseka. Azungu anaimirira ndi mafoni. Wakukhitchini uja anati, “Ndiye magalasi aja?” n'kusekanso onse. Ndinayang'ana amayi anu, anali ataweramitsa mutu. Apongozi ankayang'ana m'mbale. Mkulu wina wa ku mzikiti ankayang'ana bolopeni yanga. Asiyatu anali ataima ndi thireyi ya matambula pafupi ndi khomo la khitchini, ndipo anabwerera nayo mkati osaperekera.

Ndiye mukudziwa chomwe bambo wanu anachita? Munalipo, munaona. Ndinaomba m'manja. Ndinaseka nawo. A Chagunda atandipatsa mpata wolankhula ndinati zikomo bwana, mwandilemekeza. Ndinaima pambali pa chitseko azungu n'kundijambula, mano onse pamtunda. Sindikudziwa kuti ndikanachita chiyani pamaso pa apongozi, koma chimenecho chimandiwotcha kuposa zonse. Anandivula ine n'kuthokoza. Pobwerera kunyumba bolopeni ija ndinaiponya m'ngalande.

Chaka chatha

Ku Chembe nkhani siigona. Sabata isanathe, ana a m'njira ankanditchula kuti Che Ntchentche. Ku mzikiti palibe ananena kanthu, koma ikabwera kalata ya komiti sankaidutsitsanso m'manja mwanga monga kale, ankangoilumphitsa mwaulemu. Ulemu umenewo umapweteka kuposa kutukwana. Kenako anyamata osema ziboliboli anaona kuti azungu akukonda chitseko chija. Mumawadziwa, amasema chilichonse chomwe mzungu wayang'ana kawiri. Anayamba kusema zizindikiro zanga pa timatabwa ta makiyi ndi ta m'khosi, n'kumauza alendo kuti ndi zilembo zamakolo za anthu a kunyanja. Tsiku lina ndikuchokera kogula usipa ndinakumana ndi mtsikana wachizungu atavala m'khosi kabokosi ka timadontho tiwiri. Chimbudzi chotsekeka, pachifuwa. Anandipatsa moni mwaulemu. Ndinafuna kuseka, koma ndinangoyankha moni n'kupitirira.

Zonsezo ndikanapirira. Chomwe chinandithyola ndi ichi. Asiyatu anasiya kudya nafe, ankangofika n'kulowa kuchipinda. Tsiku lina ndinamuitana pakhonde.

“Mama, kuntchito kuli bwanji?”

“Kuli bwino, ababa.”

“Chitseko chija chikadalipo?”

“Chilipo. Ndimachipukuta ndine m'mawa uliwonse. Bwana anati ndi ntchito yanga popeza ndi cha kwathu.”

Kenako anapitiriza yekha, akuyang'ana zala zake.

“Poyamba ankandiitana kuti ndizifotokozera alendo. Amvekere, uyu ndi mwana wake, mufunseni. Alendo ankandifunsa kuti nanga iwe umatha kuwerenga? Wina anandipatsa pepala la zakudya kuti ndiwerenge aone. Wina woledzera ankandiitana ndi dzina la ntchentche lija usiku wonse. Ndiye pano bwana akakhala palibe, mlendo akafunsa, ndimati mwini wake sindimudziwa, anachoka ine ndisanabwere.”

“Umatero?”

“Ndimatero, ababa. Pepani.”

Sanalire, ine sindinalire. Ndinamuuza kuti apite akadye. Mwana yemwe ananena mokweza kuti ababa anga ndi aja a mapaipi aja. Ndinakhala pakhondepo mpaka amayi anu anabwera kudzandichotsa.

M'mawa mwake ndinatenga sikuludiraiva n'kupita ku loji. Mlonda wa pageti ndi munthu yemwe ndinamuphunzitsa ndine kuyatsa jenereta, anandilowetsa akuyang'ana kumbali. A Chagunda ndinawapeza pa bala pomwepo.

“Che Twaibu, mwatisowa. Mwabwera kudzaona chuma chanu?”

“Ndabwera kudzachitsitsa.”

Anaseka, kenako anaona sikuludiraiva. “Madala, chitsekochi ndi katundu wa loji.”

“Matabwa ndi a loji. Zili pamenepozo ndi zanga. Munagwira dzanja langa, bwana. Munati sizituluka m'kanyumba.”

“Kanyumbako tinagwetsa. Mumafuna chipite pamoto? Ine ndinachipulumutsa. Anthu a kunja amachijambula, amakutamandani. Ndakutchukitsani inu, Che Twaibu. Palibe chamanyazi apa, muzinyadira.”

“Manyazi anga mukundiuza ndinu kuti alipo kapena palibe?”

“Nanga tsiku lija bwanji munathokoza? Pamaso pa anthu munati ndakulemekezani.”

Pamenepo anandibaya pabwino. Anaona kuti andibaya, ndiye anafewetsa mawu. Anati ngati nkhani ndi ya kangachepe tikhoza kukambirana. Ndinati sindinabwere kudzagulitsa. Ndinakoka mpando, kukwerapo ndi msana wanga womwewu, n'kuika sikuludiraiva pa sikulu yoyamba. Iwo sanandigwire. Anangonena chapansipansi, “Ganizani bwino, madala. Banja lanu likudyabe pano.” Nditatembenuka ndinaona Asiyatu ataima pakhomo la khitchini, yunifolomu yake yoyera, kansanza kopukutira kali m'manja. Ndinatsika pampando. Ndinaubwezera pamalo pake, chifukwa ndinazolowera kusiya zinthu mwadongosolo pamalo paja, n'kutuluka. Kachiwiri kuchoka pa bala paja ngati galu wothiridwa madzi.

Chaka chino

Ndamva kuti a Chagunda amauza anthu kuti mdala uja ndi wosayamika. Mwina mumtima mwawo amakhulupiriradi kuti anandichitira zabwino. Zimenezo ndi zawo ndi Mulungu wawo. Ine chomwe ndikudziwa n'chakuti ndodo ya wotsimphina suilanda n'kuipachika pakhoma kuti anthu aziomba m'manja. Ndinawaonetsa chilema changa chitseko chili chotseka, chifukwa ndinkafuna kudyetsa ana. Sanandifunse. Akanandifunsa ndikanakana, ndipo ankadziwa, n'chifukwa chake anaphimba ndi chitenje.

Inu ana anga, zoti sindidziwa kuwerenga mwazimva tsopano kuchokera pakamwa panga, osati pa ndodo ya a Chagunda. Ndimafuna ndidzakuuzeni ndekha, tsiku losankha ine, wamng'ono akamaliza sukulu. Tsiku limenelo anandibera. Mbiri inonso ndikuchita kulankhula ngati wotuma kalata kujoni, mwana wanga kumalemba. Zilibe kanthu. Asiyatu, ukadzawerenga pano usadzadzidye mtima, ndipo ntchito usasiye chifukwa cha ine. Wamng'ono ukamuuze kuti sukulu sakusiya, bolopeni ilipo kapena palibe.

Masiku ano ntchito ndilibe zambiri, koma choko ndikadali nacho. Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga ndimajambula mbuzi, mankhwala a msana, dimba. Ndimachonga, ndimaika mivi. Pamwamba pa zonse pali chimodzi chomwe sindifufuta: chitseko, ndipo ndinachizunguliza. Mbali yanga ndinachita. Chikudikira munthu wina.

Jafali, ukamaliza kulemba upange mapepala awiri. Limodzi musunge. Linalo ukapereke m'manja mwa a Chagunda, popeza iwo amadziwa kuwerenga. A Chagunda, sindikufuna ndalama zanu, sindikufuna phwando lina, ngakhale pepani wanu khalani naye. Tsitsani chitseko changa. Mumasule ndi manja anu omwe munandigwira nawo aja, pamodzi ndi kathabwa ka dzina langa. Musatume mlonda, musatume mwana wanga, ndipo ntchito yake musaikhudze. Muchinyamule masana, mudutse nacho pamsika, mufike nacho pakhomo panga. Njira mukuidziwa, munkalandira chambo chochokera m'nyumba ino. Ndidzachipala ndekha vanishiyo, ndidzachitsuka ndi madzi a m'nyanja mpaka chikhale thabwa wamba, ndipo ndidzatsekera khola la mbuzi. Pa khoma lanulo mupachikepo ng'ona yosema kapena chithunzi chanu. Ndikufuna mlendo akadzafunsa mtsikana woperekera zakudya uja kuti bambo ako ndani, adzatchule dzina langa.